Kagawidwe ka ntchito pa GPU

Kagawidwe ka ntchito pa GPU ndi dongosolo lolola ma neural network angapo kugwiritsa ntchito chipangizo chimodzi chowerengera mwaliwiro chotchedwa GPU. Neural network ndi pulogalamu ya kompyuta imene imaphunzira poona zitsanzo zambirimbiri, monga zithunzi za masamba a tiyi odwala. GPU, komanso chipangizo chofanana nayo chotchedwa TPU chimene kampani ya Google inalengeza mu 2016, n'zodula ndipo zimadya magetsi, choncho kuzisiya zili phee n'kutaya ndalama.

Njira zikuluzikulu zilipo zitatu. Yoyamba ndi kusinthana: pulogalamu iliyonse imapatsidwa kanthawi kochepa, monga amachitira anthu pamjigo. Yachiwiri ndi kusonkhanitsa mafunso ofanana kuti awerengedwe limodzi, ngati wapachigayo wodikira kuti matumba achuluke asanalize injini. Magetsi amapulumuka, koma wofika m'mamawa amachedwa. Yachitatu ndi kudula chipangizocho m'magawo: GPU ya kampani ya NVIDIA yotchedwa A100, imene inatuluka mu 2020, imagawika mpaka magawo 7, lililonse ndi memory yakeyake (malo osungiramo zimene zikuwerengedwa).

Popanda dongosolo, mapulogalamu amalimbirana memory ndipo onse amayenda pang'onopang'ono. Ndi chifukwa chake ntchito yachangu imapatsidwa mpata woyamba. Pulogalamu yochenjeza za kusefukira kwa mtsinje wa Likhubula, m'munsi mwa phiri la Chambe ku Mulanje, siyenera kuima pamzere kumbuyo kwa pulogalamu yosanja zithunzi.