Geocaching m'mphepete mwa nyanja ku Blackpool ndi ku Nice

Geocaching ndi masewera obisa ndi kufunafuna timabokosi pogwiritsa ntchito GPS. Wobisa amalemba pa intaneti manambala olozera malowo, wofunafuna amawatsatira ndi foni yake, ndipo akakapeza kabokosiko amasaina pakapepala ka m'kati n'kukabwezera pomwe kanali. Promenade ya ku Blackpool, ku England, ndi Promenade des Anglais ya ku Nice, ku France, ndi misewu yakale yopitiramo anthu okapitidwa mphepo m'mphepete mwa nyanja. M'malo ngati amenewa kuyenda sikuvuta. Chovuta ndi kubisa kanthu pamene anthu sasowa.

Chiyambi

Kumayambiriro kwa Meyi 2000 boma la United States linasiya kusokoneza dala GPS ya anthu wamba, moti makina anayamba kuloza malo molondola. Pa 3 Meyi Dave Ulmer anabisa chidebe choyamba pafupi ndi Beavercreek, ku Oregon. Mu Seputembala chaka chomwecho Jeremy Irish anatsegula tsamba la Geocaching.com, lomwe limayendetsedwa ndi kampani ya Groundspeak ya ku Seattle.

Misewu iwiriyi

Blackpool ili m'mphepete mwa Irish Sea ndipo inakula chifukwa cha antchito a m'mafakitale a ku Lancashire omwe ankabwera pasitima kudzapuma. Ili ndi milatho itatu yolowa m'nyanja: North Pier wa 1863, Central Pier wa 1868 ndi South Pier wa 1893. Nsanja ya Blackpool Tower, yotalika mamita 158, inatsegulidwa mu 1894 potengera Eiffel Tower ya ku Paris.

Msewu wa ku Nice, wotalika pafupifupi makilomita 7, unayamba m'zaka za m'ma 1820 ndi ndalama za Angelezi olemera omwe ankathawira kumeneko nyengo yozizira, motsogozedwa ndi m'busa Lewis Way. Dzina lake likuchokera pamenepo. M'mbali mwake muli hotela ya Negresco ya 1913 ndi Palais de la Méditerranée ya 1929, ndipo mu 2021 UNESCO inaika gawo ili la mzindawu m'kaundula wa malo otetezedwa.

Kabisidwe

Malamulo a Geocaching.com amaletsa kukumba, kuboola kapena kuwononga chilichonse pobisa, amafuna chilolezo cha mwini malo, ndipo timabokosi tiwiri sitiyenera kuyandikana kuposa mamita 161. Pamsewu wakonkire wopanda tchire, zimenezi zimasiya mpata wochepa. Obisa amadalira tizitini ta maginito, tina tochepa ngati nsonga ya chala, tomamatira kunsi kwa benchi kapena kuseri kwa chikwangwani. Tizitini totere sitikhalitsa: mchere wa m'nyanja umadyetsa dzimbiri, kapepala kamanyowa, ndipo osesa m'misewu amatichotsa poganiza kuti ndi zinyalala. Ku Blackpool mafunde a nthawi ya mkuntho amatha kulumpha khoma n'kusefukira pamsewu.

Njira yoyenerana bwino ndi malo a mbiri ndi multi-cache. Wosewera amayamba wawerenga chaka kapena dzina lolembedwa pachipilala, n'kuwerengetsera manambala a malo ena akutali pang'ono komwe kabokosi kabisidwa. Motero chipilalacho sichikhudzidwa, koma munthu amakakamizika kuchiwerenga, zomwe alendo ambiri odutsa sachita. Palinso EarthCache, yopanda kabokosi n'komwe: wosewera amayankha mafunso a za miyala ndi nthaka ya pamalopo. Gombe la ku Nice ndi la nsangalabwi zokokoloka ndi mitsinje ya Var ndi Paillon, pamene la ku Blackpool ndi la mchenga womwe madzi amauphimba n'kuusiya kawiri patsiku.

Chitetezo

Munthu wopapasa kunsi kwa benchi pakati pa khamu amakayikitsa. Mu Julayi 2011 apolisi anatseka msewu waukulu wa tauni ya Wetherby, ku Yorkshire, ndipo asilikali anaphulitsa kabokosi ka geocaching komwe ankakaganizira kuti ndi bomba. Ku Nice nkhani yotere ndi yaikulu kwambiri: pa 14 Julayi 2016 chigawenga chinagunda khamu ndi lole pa Promenade des Anglais n'kupha anthu 86, ndipo kuyambira pamenepo chitetezo pamsewuwu chinakhwimitsidwa. Osewera amalangizidwa kulemba dzina la masewerawa kunja kwa kabokosi, kusankha toonekera m'kati, ndi kufotokoza zomwe akuchita wapolisi akawafunsa.