Mafunso okhazika anthu pamzere

Mafunso okhazika anthu pamzere ndi mtundu wa mafunso oyesa kuganiza, amene pa Chingerezi amatchedwa linear seating arrangement. Woyankha amauzidwa kuti anthu angapo akhala pamzere umodzi wowongoka, kenako amapatsidwa mfundo zochepa za mmene akhalira, ndipo iye ayenera kupeza mpando wa munthu aliyense. Sipafunika kuloweza kanthu, chifukwa yankho lonse limakhala mu mfundo zomwezo.

Kumene amapezeka

Mafunsowa ndi ofala kwambiri ku India, m'mayeso olembera anthu ntchito za m'mabanki, monga a IBPS ndi a State Bank of India. Kumeneko nthawi ya funso lililonse ndi yochepa, moti wochedwa pa funso limodzi amataya malikisi a ena. Ku United States ankapezeka m'mayeso a LSAT, olowera kusukulu za zamalamulo, m'gawo limene ophunzira ankalitcha logic games. Gawoli linachotsedwa mu August 2024.

Kungoyesa mwachisawawa sikuthandiza. Anthu 5 akhoza kukhala pamzere m'njira 120, anthu 6 m'njira 720, ndipo anthu 8 m'njira 40,320. Ntchito ya mfundo iliyonse ndi kuchepetsa njirazi mpaka itatsala imodzi.

Kumanja ndi kumanzere

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Kumanja ndi kumanzere kumawerengedwa potengera munthu wokhala pampandoyo, osati wowerenga funso. Papepala kumpoto kumaikidwa pamwamba. Ngati anthuwo ayang'ana kumpoto, kumanja kwawo ndi kumanja kwa wowerenga. Ngati ayang'ana kummwera zinthu zimatembenuka, monga zimakhalira pamene mphunzitsi waima kutsogolo kwa kalasi: dzanja lake lamanja limakhala kumanzere kwa ana. M'mafunso ovuta ena amayang'ana kumpoto, ena kummwera pamzere womwewo, kapena pamakhala mizere iwiri yoyang'anizana. Zikatero ndi bwino kujambula kamuvi pa munthu aliyense.

Mawu nawonso amafuna kusamala. Kunena kuti munthu ali kumanja kwa mnzake sikutanthauza kuti ayandikana, akhoza kukhala patali. "Wachitatu kumanja" ndiye kuti pakati pawo pali anthu awiri, osati atatu. Mfundo yoti pakati pa anthu awiri pali ena awiri sinena amene ali kumanja, choncho imabala njira ziwiri. Munthu akakhala wachinayi kuchokera kumanzere komanso wachisanu ndi chiwiri kuchokera kumanja, pamzerepo pali anthu 10, osati 11, popeza iyeyo wawerengedwa kawiri.

Chitsanzo

Chikondi, Dalitso, Fatsani, Limbani, Mphatso ndi Tadala akhala pabenchi, onse ayang'ana kumpoto. Limbani ali kumapeto a kumanzere. Fatsani ndi wachitatu kumanja kwa Dalitso. Chikondi wayandikana ndi Fatsani cha kumanzere kwake. Pakati pa Mphatso ndi Tadala pali anthu awiri. Mphatso wayandikana ndi Dalitso.

Poyamba amajambula mipando 6 n'kuilemba manambala kuchokera kumanzere. Mfundo yosakayikitsa ndi ya Limbani, ndiye amatenga mpando 1. Mfundo yachiwiri ndi yachitatu zikaphatikizidwa zimapanga kagulu kamodzi: Dalitso, mpando wopanda munthu, Chikondi, Fatsani. Kaguluka kamafuna mipando inayi yotsatizana, ndipo kangayambe pa 2 kapena pa 3 basi. Njira zonse ziwiri ziyenera kujambulidwa, ina pansi pa inzake.

Kakayamba pa 3, Dalitso ali pa 3, Chikondi pa 5, Fatsani pa 6. Yotsala ndi mipando 2 ndi 4, ndipo pakati pake pali munthu mmodzi yekha. Izi zikutsutsana ndi mfundo ya Mphatso ndi Tadala, choncho njirayi imafufutidwa. Kakayamba pa 2, Dalitso ali pa 2, Chikondi pa 4, Fatsani pa 5. Yotsala ndi 3 ndi 6, ndipo pakati pake palidi anthu awiri. Mfundo yomaliza imaika Mphatso pa 3, Tadala n'kupita pa 6. Mzere wonse ndi Limbani, Dalitso, Mphatso, Chikondi, Fatsani, Tadala.

Anthuwa akanakhala kuti ayang'ana kummwera, mfundo zomwezi zikanapereka mzere womwewu koma wotembenuzidwa, Limbani ali kumanja kwa pepala.

Dongosolo la mfundo

Olemba mayeso kawirikawiri saika mfundo yothandiza kwambiri poyamba, ndiye sikofunika kuzitsata monga zalembedwera. Amayamba ndi yotchula mpando weniweni, kenako yolumikizana nayo. Mfundo zokana, monga yoti wakuti sali kumapeto, zimalembedwa pambali, chifukwa zimagwira ntchito mipando itatsala yochepa. Pomaliza mzere wapezekawo umayesedwa ndi mfundo zonse imodzi ndi imodzi. M'mayeso a mabanki mzere umodzi umabwera ndi mafunso angapo, nthawi zambiri asanu, ndiye mpando umodzi wolakwika ukhoza kuwononga onsewo.