Digiri ndi ya Columbia, koma koleji ndi Barnard

Mumzinda wa New York, chakumpoto kwa chilumba cha Manhattan, msewu wa Broadway umadutsa pakati pa masukulu awiri. Kummawa kuli yunivesite ya Columbia, imodzi mwa masukulu 8 otchuka a Ivy League. Kumadzulo, pa kamalo ka maekala 4 okha, kuli koleji ya Barnard, ya atsikana okhaokha. Mtsikana wa ku Barnard amawoloka msewuwo kukaphunzira m'makalasi a Columbia, amabwereka mabuku mulaibulale ya Columbia, ndipo zaka zinayi zikatha digiri yomwe amalandira imakhala ya yunivesite ya Columbia. Koma akanena pagulu kuti adaphunzira ku Columbia, sipalephera kupezeka wina womufunsa kuti akunena Columbia yeniyeni kapena Barnard.

Mpungwepungwe umenewu adauyambitsa ndi eni ake a Columbia.

Sukuluyi idatsegulidwa mu 1754 ndi dzina loti King's College, ndipo kwa zaka zoposa 100 inkaphunzitsa amuna okhaokha. A Frederick Barnard, omwe adakhala mkulu wake kuchokera mu 1864, adayamba mu 1879 kulemba m'malipoti awo apachaka kuti atsikana aziloledwa kuphunzira limodzi ndi anyamata. Akuluakulu a bodi adakanitsitsa. Mu 1883 adapeza kanjira kodzichotsera manyazi: akazi azilemba mayeso a Columbia, koma m'kalasi asapondemo. Mtsikana ankapatsidwa mndandanda wa zoti awerenge, n'kukalimbana nazo yekha kunyumba, kenaka n'kubwera kudzayesedwa pa zinthu zomwe aphunzitsi adafotokozera anyamata iye kulibe.

Mmodzi mwa omwe adalawa chipongwe chimenechi anali Annie Nathan Meyer. Ali ndi zaka za m'ma 20 zoyambirira, adayenda khomo ndi khomo kwa anthu olemera ndi omveka a mumzindawo, kupempha ndalama ndi mayina oikira kumbuyo pempho loti pakhale koleji ya akazi yolumikizana ndi Columbia. Bodi idavomera, koma ndalama idati adzionere okha. Mu 1889 kolejiyo idatsegulidwa m'nyumba ya lendi, nambala 343 pamsewu wa Madison Avenue, ndi ophunzira 14 ofuna digiri. Adaitcha dzina la a Barnard, omwe adali atamwalira mu Epulo chaka chomwecho. N'zomvetsa chisoni kuti munthu yemwe adamenyera kalasi imodzi ya onse, dzina lake lidakathera pa sukulu yomwe idamangidwa chifukwa pempho lake lidakanidwa.

Atsikana 8 oyamba adalandira madigiri a Columbia mu 1893. Mu 1897 masukulu onse awiri adasamukira kudera la Morningside Heights komwe ali lero, ndipo mu 1900 adasainirana mgwirizano womwe mizu yake ikadalipobe. Barnard idalowetsedwa m'ndondomeko ya maphunziro a yunivesite, koma idatsala ndi bodi yakeyake, aphunzitsi akeake ndi thumba lakelake.

Amene adaphunzira ku Chancellor College kapena ku Polytechnic pomwe makoleji onsewa anali pansi pa University of Malawi aimva msanga mbali imodzi ya nkhaniyi: makoleji osiyana, digiri imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti makoleji athu aja ankalamulidwa ndi khonsolo imodzi, pomwe Barnard, pamaso pa malamulo, ndi bungwe loima palokha. Imasankha yokha ophunzira ake, imatolera yokha fizi, ndipo imalipira Columbia chifukwa chogwiritsa ntchito makalasi ndi malaibulale ake. Komabe mphunzitsi wa ku Barnard sangakhazikitsidwe pantchito kwa moyo wonse Columbia isanavomereze. Pasatifiketi pamasaina akuluakulu a masukulu onse awiri.

M'zaka zomwe Columbia College, koleji ya digiri yoyamba ya yunivesiteyi, inkakana akazi, nzeru zinkawoloka Broadway osapempha chilolezo. Margaret Mead, katswiri wa zachikhalidwe cha anthu, adamaliza ku Barnard mu 1923. Zora Neale Hurston, mlembi wa buku la Their Eyes Were Watching God, adamaliza mu 1928, ndipo onse awiri adasulidwa ndi Franz Boas, pulofesa wa ku Columbia. Hurston anali wophunzira wakuda woyamba kumaliza pakolejiyo, patatha zaka pafupifupi 40 chiitsegulireni. Sukulu yomwe idabadwa chifukwa cha tsankho, nayo idali ndi tsankho lake, ndipo izi siziyenera kubisidwa. Mayi Virginia Gildersleeve, omwe adaitsogolera kuyambira 1911 mpaka 1947, adakakamiza nthambi zina za Columbia kutsegulira akazi, ndipo sukulu ya udokotala idagonja mu 1917.

Mayeso aakulu adadza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Yale ndi Princeton zidayamba kulandira atsikana mu 1969, ndipo makoleji a akazi omwe adali ophatikana ndi mayunivesite akuluakulu adayamba kumezedwa. Pembroke idalowa mu Brown mu 1971. Radcliffe, komwe Helen Keller adamaliza mu 1904, idapereka ophunzira ake ku Harvard pang'onopang'ono mpaka mu 1999 pomwe idasiya kukhala koleji n'kusanduka malo ochitirako kafukufuku. Lero palibe amakayikira zoti mtsikana wa ku Harvard ndi wa ku Harvard. Koma koleji ya Radcliffe kulibenso.

Columbia inkafuna kuchita chimodzimodzi ndi Barnard, poona kuti anyamata anzeru akuthawira kumasukulu komwe kunali atsikana. Barnard, motsogozedwa ndi mayi Ellen Futter omwe adaphunzira pomwepo, idakana. Zokambirana zitalephereka, Columbia idalengeza mu 1982 kuti Columbia College iyamba kulandira atsikana payokha, ndipo oyamba adafika mu 1983. Inali yomaliza mwa masukulu onse 8 kutero. Ambiri ankati Barnard yadzikumbira manda. Lero ili ndi ophunzira oposa 3,000, ndipo mwa ofunsira malo 10 amatengedwa pafupifupi mmodzi yekha.

Nanga za Ivy League bwanji? Dzinali, lomwe anthu amalitchula ngati ufumu, kwenikweni ndi la ligi ya zamasewero yomwe idakhazikitsidwa mu 1954. Barnard si membala wake. Koma kuyambira 1983 atsikana ake amavala yunifomu ya Columbia Lions n'kumapikisana m'ligi yomweyo.

Ine ndikuona kuti onyoza Barnard kuti atsikana ake adalowera pawindo akuiwala amene adakhoma chitseko. Kwa zaka 94, kuchokera mu 1889 mpaka 1983, mtsikana wochokera kusekondale wofuna maphunziro omwe anyamata ankalandira ku Columbia College njira yake yaikulu inali Barnard. Digiri ndi ya Columbia, ndipo yunivesiteyo imaipereka yokha pamwambo wake waukulu wa chaka ndi chaka. Chomwe mtsikana wa ku Barnard sanganene n'choti adasankhidwa ndi Columbia College, pakuti khomo lolowera ndi lina. Kutchula mayina onse awiri ndiye chilungamo, ndipo sindikuona chochititsa manyazi m'dzina la koleji yomwe idakana kumezedwa pomwe anzake ena adagonja.

Kuti chilondachi sichidapole zidaoneka mu 2012, pomwe zidamveka kuti Pulezidenti Barack Obama akayankhula pamwambo wa omaliza maphunziro ku Barnard m'mwezi wa Meyi. Ophunzira ena a ku Columbia adakwiya kuti munthu wa kwawo wakayankhula kutsidya kwa msewu, ndipo ena mwa iwo adalemba pa intaneti mawu otukwana atsikanawo, kuwanena kuti akudyera dzina la eni. A Obama adamaliza maphunziro awo ku Columbia College mu 1983, miyezi yochepa atsikana oyamba asanaloledwe kulowa pakolejiyo.