Msonkho Kuno, Sukulu Kutsidya kwa Msewu

Amene anayendapo m'mamawa pa msewu wa Dedza kupita ku Ntcheu anawaona ana amenewa. M'malo ambiri msewuwo ndiwo malire: mbali iyi Moçambique, mbali iyo Malawi. Ana amatuluka m'midzi ya ku Angónia ndi Tsangano, makope ali m'jumbo, n'kudumpha phula kukalowa kalasi ku Malawi, pamene makolo awo msonkho amapereka kuno. Pa wailesi yathu funso limeneli limabwerabwera: ngati ndalama ya msonkho ndi yathu, bwanji siitsata mwana kumene wapita kukaphunzira?

Funsoli si lacibwana, ndipo kuli maiko amene analiyesa. Mu 1955 katswiri wa zacuma wa ku America, Milton Friedman, analemba kuti boma lizipatsa kholo kapepala koimira mtengo wa maphunziro a mwana, kamene amati vaucha, kholo n'kukapereka ku sukulu imene laikonda. Dziko la Chile linayamba njira yofanana nayo mu 1981, nthawi ya Pinochet: boma linkalipira sukulu malinga ndi ana amene afika m'kalasi, kaya sukuluyo ndi ya boma kaya ya munthu. Sukulu za anthu zinaculuka, koma zambiri zinayamba kulipiritsa ndalama yoonjezera ndi kusankha ana, osauka n'kutsala okhaokha m'sukulu za boma. Ophunzira anadzaza misewu mu 2006 ndi 2011, ndipo mu 2015 panabwera lamulo loletsa kusankha ana ndi kupanga phindu pa ndalama za boma. Izo n'za ku Chile. Ife a m'malire vaucha sitinaionepo, koma kusankha sukulu tinayamba kalekale, ndipo tinkasankha ndi miyendo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ku Angónia kunafika mishoni ziwiri. Ansembe a Cijezuiti anakhazikika ku Lifidzi, ndipo amishoni a Dutch Reformed, ocokera ku Nyasaland, anatsegula Mphatso mu 1909. Kumeneko ana ankaphunzira kuwerenga m'Cinyanja comweci cimene tikulembamo. Apwitikizi sanakondwere nazo kuti mishoni yacilendo, yosaphunzitsa Cipwitikizi mokwanira, ikhale pafupi ndi malire a Angelezi, ndipo mu 1922 Mphatso inatsekedwa. Akhristu a mpingowo sanasiye. Ankaoloka kukapemphera ku Nyasaland, ndipo ana awo ankatsata njira yomweyo kukaphunzira ku mishoni monga Mlanda. Malire analekanitsa maboma, koma amalume ndi azakhali anali mbali zonse ziwiri, kotero mwana sankasowa pogona.

Msonkho wokha sunkaoloka. Mwamuna aliyense ankayenera kupereka msonkho wa nyumba, umene Apwitikizi ankati imposto de palhota. Wolephera ankagwidwa ndi asipayi, kulawa mbalamatodya ku posto, kapena kutumizidwa ku cibalo. Nanga ndalamayo inkaphunzitsa ana a yani?

Pa 7 Maio 1940 boma la Salazar linasainirana ndi Vaticano pangano la Concordata pamodzi ndi Acordo Missionário, ndipo mu 1941 panatsatira Estatuto Missionário. Kucokera pamenepo maphunziro a munthu wakuda, amene lamulo linkamuti indígena, anaperekedwa m'manja mwa mishoni za Katolika, boma n'kumazipatsa thandizo la ndalama. Sukulu zenizeni za boma zinali m'matauni, za ana a Azungu, a Amwenye ndi a anthu ocepa amene analandira pepala la assimilado. Taonani bwino apa: ndalama ya boma inkapita ku sukulu imene si ya boma, monga mmene vaucha imacitira, koma wosankha sanali kholo. Anasankha ndi Lisboa.

Maphunziro a kumishoniwo ankati ensino rudimentar, ndipo mu 1956 anasintha dzina kukhala ensino de adaptação. Munali katekisimu, Cipwitikizi pang'ono, masamu pang'ono, ndi khasu lambiri, pakuti ana ankalima minda ya mishoni. Cinenero ca makolo cinkaloledwa pophunzitsa za cipembedzo basi. Mwana ankataya zaka m'makalasi oyambawo, ndipo pofika poti apite patsogolo, msinkhu unali utapitirira umene lamulo linkalola. Sindikunyoza ansembe onse ayi. Akuluakulu ambiri amene anatsogolera dera lino anadutsa ku Lifidzi ndi ku Fonte Boa, ndipo amakumbukira aphunzitsi awo ndi ulemu. Koma cipatso ca dongosolo lonselo cinaoneka mu 1975: mwa anthu 100 alionse, oposa 90 sankatha kulemba ndi kuwerenga.

Patangotha mwezi umodzi tilandire ufulu, pa 24 Julho 1975, Samora Machel analengeza kuti sukulu zonse, za mishoni ndi za anthu zomwe, zili m'manja mwa boma. Kusankha kunathera pomwepo, koma khomo linatseguka kwa onse, ndipo m'zaka zocepa ciwerengero ca ana a pulaimale cinakwera pafupifupi kawiri. Aphunzitsi anacepa kwambiri, moti pa 8 Março 1977 Samora anaitana ophunzira a makalasi apamwamba a sekondale kuti asiye zofuna zawo, ambiri akagwire coko. Mu 1983 lamulo linakhazikitsa Sistema Nacional de Educação. Cinenero ca m'kalasi cinakhalabe Cipwitikizi, pa cifukwa cakuti cimagwirizanitsa mitundu yonse. Mwana wa ku Dómuè ankalowa primeira classe n'kumva mau amene sanawamvepo kunyumba.

Za nkhondo sinditalikitsa, pakuti owerenga ambiri anaiona ndi maso. Sukulu za pulaimale zoposa theka m'dziko lonse zinaonongedwa kapena kutsekedwa, ndipo cigawo ca Tete cinali pakati pa zimene zinavutika koposa. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri sanakhale m'misasa, anakhala m'midzi mwa abale awo, ndipo ana analowa Sitandade 1 pamodzi ndi asuweni awo. Ine ndemwe zilembo zoyamba ndinaziphunzirira kutsidya. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992 tinabwerera, ena atadziwa Cingelezi koma osatha kulemba kalata ya Cipwitikizi yofunsira nchito ku Ulónguè.

Caka comweco ca 1992 lamulo latsopano la maphunziro linatsimikiza kuti mipingo ndi anthu akhoza kukhalanso ndi sukulu zawo. Pa pepala, kusankha kunabwerera. Koma sukulu zolipira zinamera ku Maputo, ku Beira, mumzinda wa Tete. Kwa mlimi wa mbatata amene mudzi wake uli ndi sukulu imodzi ya udzu, lamulolo silinasinthe kanthu. Cimene cinasintha zinthu m'malire cinacitika ku Malawi: mu 1994 boma la Bakili Muluzi linacotsa fizi ya pulaimale, ana n'kukwera kucokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Kuno kholo linkalipirabe matrícula. Kutsidya kunali kwaulere, mphunzitsi n'kumalankhula Cicewa. Inu mukanasankha kuti?

Boma lathu linayankha pang'onopang'ono. Kuyambira 1993 mpaka 1997 panali kuyesa kophunzitsa m'zinenero ziwiri, PEBIMO, ndipo Cinyanja ca ku Tete cinali cimodzi mwa zinenero ziwiri zimene zinasankhidwa, cina cikhala Cicangana ca ku Gaza. Mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'sukulu zina za boma. Mu 2004 boma linalamula kucotsa malipiro a pulaimale, ndipo lamulo la 2018 linakweza maphunziro okakamiza ndi aulere kufika nona classe.

Mau akuti aulere amasoceretsa. Mphunzitsi amalandira malipiro, mabuku amasindikizidwa, ndipo ndalamayo imacokera ku bajeti ya boma, yothandizidwa ndi maiko akunja kudzera mu thumba la FASE. M'bajetimo muli dzanja lanu. Mukagula malata, simenti kapena mabatire a wailesi m'sitolo yolembetsedwa, mumalipira IVA, imene kuyambira 2023 ili pa 16 peresenti. Mukapereka Imposto de Reconstrução Nacional, ndi msonkhonso. Ndipo mukaumba njerwa za kalasi yatsopano, kapena kutuma mwana ndi mtolo wa udzu, mwalipira kacitatu, ngakhale palibe amene amalemba zimenezo m'kaundula.

Pali ndalama imodzi imene imayandikira ganizo lotsata mwana lija. Kuyambira 2003 boma limatumiza ku sukulu iliyonse ya pulaimale thandizo la Apoio Directo às Escolas, ADE, logulira coko, makope, zokonzera zitseko ndi zina zotero. Kukula kwake kumadalira kuculuka kwa ana olembedwa pa sukulupo, ndipo conselho de escola, m'mene mumakhalanso makolo ndi anthu a m'mudzi, ndiyo iyenera kugwirizana za kagwiritsidwe kake. Ndiye kuti mwana akadumpha msewu, gawo lake la ADE silimutsata ku Malawi, komanso silifika pa sukulu ya kwawo, cifukwa dzina lake mulibe m'buku. Sukulu ya kuno imacepekedwa, makolo ena n'kuiona kuti yasauka, nawonso n'kutumiza ana kutsidya. Kumene akupitako, mphunzitsi wolipidwa ndi msonkho wa Amalawi ali kale ndi kalasi lodzaza mpaka pakhomo.

Sindingadzudzule mayi amene wasankha sukulu ya pafupi m'malo moti mwana wa zaka 6 aoloke mtsinje nthawi ya dzinja. Ndingomukumbutsa zimene ife obwerera mu 1993 tinakumana nazo: satifiketi ya Sitandade 8 ikafika kuno imafuna pepala la equivalência, ndipo pepalalo likapezeka, mayeso ndi mafunso a nchito amabwerabe m'Cipwitikizi.