Utale: Mudzi Umene Unalandira Otayidwa

Mwa maparishi a Dayosizi ya Mangochi alipo awiri odziwika ndi dzina limodzi: Utale woyamba ndi Utale wachiwiri. Onsewa ali m'chigwa chotentha cha mtsinje wa Rivirivi, m'boma la Balaka, limene kufikira chaka cha 1998 linali mbali ya boma la Machinga. Ana a masiku ano akamva maina awiriwa amayesa kuti parishi inangokula nigawika, monga achitira maparishi ena. Koma akuluakulu adziwa kuti Utale wachiwiri unabadwa chifukwa cha nthenda ya khate, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro la chifundo cha Mulungu limene mabanja athu achikristu sayenera kuliiwala.

Ansembe a chipani cha Montfort anafika m'dziko muno m'chaka cha 1901. Atatu oyambawo, Bambo Pierre Bourget, Bambo Auguste Prézeau ndi Bambo Antoine Winnen, anamanga mishoni ya Nzama ku Ntcheu, m'dziko la mfumu Njobvuyalema. Kuchokera pamenepo Mthenga Wabwino unafika ku Nguludi m'chaka cha 1903, ku Neno m'chaka cha 1906, ndi ku Utale m'chaka cha 1908. Poyendera midzi ndi masukulu awo, ansembewo ankakumana ndi anthu amene mudzi unali utawaika padera. Ndipo m'nthawi ya Ambuye Louis Auneau, amene anadzozedwa uepiskopi m'chaka cha 1910 natsogolera Eklezia wa kuno kummwera zaka pafupifupi 40, mishoni ya Utale inapatula malo oti odwala khate azikhalapo ndi kusamalidwa.

Kuti timvetse kukula kwa ntchito imeneyi, tiyenera kukumbukira chimene khate linali kwa makolo athu. Nthendayi imayamba mwakachetechete, ndi banga lotuwa kapena lofiirira pakhungu, losawawa ndi losanyerenyesa. Pang'onopang'ono imaononga mitsempha, kotero kuti manja ndi mapazi zimachita dzanzi. Mayi ankapsa ndi mphika pamafuwa osamva kanthu. Bambo ankalasidwa ndi minga kumunda nayenda nayo tsiku lonse. Zilonda zija zinkanyeka, zala zinkafupika, ena maso ankachita khungu. Koma choopsa koposa zilondazo chinali mantha a anthu. Ambiri ankakhulupirira kuti khate ndi tsoka lochokera kwa afiti, kapena chilango cha mwambo wolakwiridwa. Wodwala ankam'mangira kansasa kunja kwa mudzi, nam'patsa mbale ndi chikho chakechake. Maukwati ankatha. M'madera ena wakhate akamwalira sankaikidwa m'manda pamodzi ndi abale ake. Munthu ankafa kawiri: poyamba m'mitima ya anzake, kenaka m'thupi.

Tsono tisaganize kuti amishoni anabwera ndi mankhwala ochiritsa. Kachilombo koyambitsa khate kanali katapezeka kale ndi dotolo wa ku Norway, Gerhard Armauer Hansen, m'chaka cha 1873, koma mankhwala okapha panalibe. Chimene chinalipo ndi mafuta a mtengo wa ku India wotchedwa chaulmoogra, amene ankabayidwa pakhungu ndi jekeseni yowawa kwambiri, ndipo ochira nawo anali owerengeka. Ansembe, masisteri ndi anthu akuno amene ankathandizana nawo ankadziwa bwino lomwe kuti ambiri mwa obwera sadzachira. Komabe anawalandira. Anawapatsa nyumba ndi chakudya, nawatsuka zilonda tsiku ndi tsiku. Amene anali ndi mphamvu anapatsidwa pogwira khasu. Munthu amene kwawo anthu ankam'thawa anapeza anansi, anamva belu lomuitana iye ku Misa, anaitanidwa ndi dzina lake, ndipo atamwalira anaikidwa ndi mapemphero. Uku ndiko kupatsa kwenikweni: kupereka pamene palibe chiyembekezo chakuti wolandirayo adzabweza, ngakhale chakuti adzachira.

Gwero la mtima umenewu timalipeza m'Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Marko, mutu woyamba. Malamulo a m'buku la Levitiko ankalamula kuti wakhate azikhala yekha kunja kwa zithando, ndi kuchenjeza aliyense womuyandikira. Ambuye Yesu akadatha kum'chiritsa munthu uja ndi mau okha, ali patali, monga anachitira ndi akhate khumi a m'buku la Luka. Koma anatambasula dzanja nam'khudza. Atatero anam'tuma kwa wansembe, pakuti wansembe ndiye anali ndi mphamvu yoikira umboni kuti munthuyo wayera, ndipo akhoza kubwerera kwawo. Apa tikuona kuti chifundo cha Mulungu sichilekera pa kuchiritsa thupi. Chimafuna kum'bwezera munthu pakati pa abale ake. Ndipo Marko atiuzanso kuti mbiri itawanda, Yesu sanathenso kulowa poyera m'mizinda, koma ankakhala kunja, kumalo kopanda anthu. Wakhate analowa m'mudzi, Mpulumutsi natsala kuthengo. Chimodzimodzi Damiano Woyera wa ku Belgium anapita pa chilumba cha Molokai m'chaka cha 1873 kukakhala ndi akhate, natenga nthendayo, namwalira m'chaka cha 1889, chaka chomwe Abambo Oyera anafika kwa Mponda ku Mangochi.

Ntchito ya ku Utale, monga ya malo ena osamalira akhate a ku Mua, ku Malamulo ndi ku Likwenu, inkadalira zopereka. Boma la atsamunda linkaponyapo thandizo lochepa, ndipo bungwe la ku Britain lothandiza akhate, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1924 nilitchedwa LEPRA pambuyo pake, linkatumiza mankhwala ndi ndalama. Koma mishoni zathu zinkaimanso pa timakobiri ta akristu wamba a ku Ulaya. Bungwe Lofalitsa Chikhulupiriro linayamba ku Lyon m'chaka cha 1822 ndi nzeru ya mtsikana Pauline Jaricot, amene anapempha antchito osauka kuti aliyense azisonkha kakobiri kamodzi pa mlungu. Osonkhawo sanauone mtsinje wa Rivirivi, ndipo amene anathandizidwa sanawadziwe maina. Makolo athu anati kupatsa nkuika. Anthu amenewo anaika chuma chawo kwa Mulungu, amene saiwala ngakhale chikho cha madzi.

M'kupita kwa zaka Mulungu anayankha mapemphero a odwala kudzera m'nzeru za madotolo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anafika mapiritsi a dapsone, amene ankaphadi kachilomboko ngakhale munthu ankayenera kumwa zaka zambiri. M'zaka za m'ma 1960 a LEPRA anayamba ntchito yatsopano kuno kummwera: m'malo mosonkhanitsa odwala pamalo amodzi, antchito awo ankayenda pa galimoto ndi pa njinga kukapereka mankhwala m'midzi momwemo, pansi pa mitengo, pa tsiku lopangana. M'chaka cha 1981 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, linavomereza njira yophatikiza mankhwala a rifampicin, clofazimine ndi dapsone, ndipo dziko la Malawi linayamba kuigwiritsa ntchito m'chaka cha 1983. Pofika 1994 odwala khate m'dziko muno anali atachepa kufika posakwana munthu mmodzi pa anthu 10,000 alionse. Nthenda imene inkaoneka ngati temberero losatha inasanduka nthenda yochizika m'miyezi 6 kapena 12.

Apa ndipo mbiri ya Utale itifunsa funso lolimba. Mankhwala atachita ntchito yake, khomo lobwerera kwawo linali lotseguka, ndipo ambiri anabwereradi. Koma ena anatsala ku Utale kufikira ukalamba. Ena anali atalemala kotero kuti sakadatha kudzilimira; ena anali atakhala zaka zochuluka, nakwatira komweko, kwawo nkukhala kwachilendo; koma ena anatsala chifukwa mudzi sunawafune. Kachilombo kanali katafa m'thupi mwawo, koma mantha anali akali moyo m'mitima ya abale. Dotolo akhoza kulemba pa kalata kuti munthu wachira, monga wansembe wa m'Chipangano Chakale ankaikira umboni. Koma kalata siyala mphasa, siphika nsima, sigawa munda. Zimenezi achita ndi mudzi. Mulungu apatsa munthu mwayi woyambanso moyo, koma mwayi umenewo auika m'manja mwa anansi ake.

Choncho mabanja athu adziwe zoona zake za nthendayi, pakuti khate silinatheretu, ndipo chaka chilichonse odwala atsopano amapezeka m'maboma athu. Khate silichokera kwa afiti, ndiponso si chilango cha machimo. Silitengedwa popatsana moni wa m'manja kapena pokhala pa benchi limodzi m'tchalitchi. Limafala kudzera m'timadontho ta m'mphuno ndi m'kamwa pamene munthu akhala nthawi yaitali ndi wodwala amene sanayambe mankhwala, ndipo anthu pafupifupi 95 mwa 100 matupi awo amalikana okha. Wodwala akayamba mankhwala sapatsiranso anzake, ndipo mankhwalawo ndi aulere. Kulemala kumadza chifukwa chochedwa, ndipo kuchedwa kumadza chifukwa cha manyazi. Munthu amabisa banga lake pansi pa malaya poopa zimene anthu adzanena. Tikam'limbitsa mtima mnzathu kuti apite msanga kuchipatala, tapulumutsa zala zake ndi maso ake.

Phunziro la Utale silithera pa khate lokha. Mbadwo uliwonse uli ndi anthu ake owamangira kansasa kunja kwa mudzi. M'zaka za m'ma 1990 anali odwala Edzi. Lero alipo wotuluka ku ndende amene palibe wom'patsa ganyu, mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha pathupi, bambo amene waleka mowa koma anthu akali kum'tchula dzina lakale, banja limene lakhala zaka kunja kwa masakramenti ndipo likuchita manyazi kubwerera. Ife tonse timagwada m'Sakramenti la Kulapa, ndipo Mulungu amatikhululukira kachiwiri, kachitatu, osawerenga. Chaulere chimenechi sitinachigule. Tikatuluka m'tchalitchi tili oyera, nkoyenera kuti mnzathu wogwa apeze kwa ife muyeso womwewo umene Mulungu watiyesera.

Lamulungu lomaliza la mwezi wa Januwale ndi tsiku lokumbukira odwala khate pa dziko lonse, limene anayambitsa mkristu wa ku France, Raoul Follereau, m'chaka cha 1954. Pa tsiku limenelo tipempherere onse amene agona m'manda a ku Utale, odwala pamodzi ndi amene anawatumikira. Ndipo m'miphakati yathu tifunsane mwa maina: ndani m'mudzi mwathu muno amene Mulungu anam'khululukira kale, koma akali kudikira kunja? Tikam'dziwa, tisatume mthenga. Tipite tokha, tikam'patse moni wa m'manja, tidye naye m'mbale imodzi, ndipo Lamulungu tiyende naye limodzi popita ku Misa.