Njira ya ku Likoma

M'Nyanja ya Malawi, cha kum'mawa, muli zilumba ziwiri, Likoma ndi Chizumulu. Chachikulu ndi Likoma, koma munthu wamphamvu angathe kuchidutsa pansi tsiku limodzi, pakuti m'litali mwake muli makilomita ngati 8 okha. Kumeneko kuli milambe yambiri, miyala ikuluikulu ndi mchenga woyera, ndipo madzi ake ndi oyera mbee, kotero kuti nsomba zimaoneka pansi. Kuchokera ku Nkhata Bay pali makilomita pafupifupi 70, koma gombe la Mozambique lili pafupi, mapiri ake amaoneka bwino lomwe.

Munthu wofuna kukacheza ku Likoma, ngakhale akhale ndi galimoto, amaisiya kumtunda. Kulibe msewu wofika kumeneko, kulibenso mlatho. Kupatula ndege zazing'ono zimene amakwera ndi anthu owerengeka, njira ya onse ndi madzi. Tsono tisanakonze ulendo wathu, tiyeni timve za anthu amene anatsogola pa njira imeneyi, pakuti mbiri yawo itiphunzitsa kayendedwe.

Eni chilumbachi, Anyanja, anali asodzi kuyambira kale. Pakuti nthaka ya ku Likoma ndi yamiyala ndipo mitengo ndi yochepa, iwo ankaoloka pa mabwato kunka kutsidya kukafuna nkhuni ndi chakudya. Asanakankhe bwato ankayamba ayang'ana kumwamba ndi kumvetsera mphepo. Ikavuta, ulendo unkalephereka tsiku limenelo, ndipo panalibe wodandaula.

Amishoni a Universities' Mission to Central Africa, amene lero timawatcha a Anglican, anayamba ntchito yawo ku Magomero mu 1861. Kumeneko nkhondo, njala ndi malungo zinawasautsa. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira mu 1862, ndipo otsala anasamukira ku Zanzibar mu 1864. Patapita zaka, wansembe William Percival Johnson anayenda pansi kufikira kunyanja pamodzi ndi mnzake Charles Janson, amene anamwalira mu 1882 atangofika. Johnson anaona kuti midzi ya m'mbali mwa nyanja inali pa mantha chifukwa cha nkhondo za Angoni ndi za ogula akapolo. Anaonanso kuti midziyo munthu angaifikire msanga pamadzi kusiyana ndi pamtunda. Motero anapempha sitima. Sitimayo inabwera m'zidutswa kuchokera ku Britain, anailumikiza kuno, naitcha Charles Janson. Inayamba kuyenda mu 1885, ndipo m'chaka chomwecho mishoni inakhazikika pa Likoma, malo amene adani sakanatha kuwafikira mosavuta.

Kukhala kwa mishoni kumeneko ndiko kunachititsa kuti zilumbazi zikhale za dziko lathu. Pamene Angerezi ndi Apwitikizi anagawana malire mu 1891, gombe loyang'anana ndi Likoma linapita kwa Apwitikizi, koma zilumba ziwirizi zinatsala m'manja mwa Angerezi. Mpaka lero Likoma ndi Chizumulu ndi nthaka ya Malawi yozingidwa ndi madzi a Mozambique.

Nyanja imene inatchinjiriza amishoni kwa adani inawalandanso mtsogoleri. Chauncy Maples, amene anatumikira pa Likoma kuyambira 1886, anadzozedwa kukhala bishopu ku London mu 1895. Pobwerera, atafika kummwera kwa nyanja, anakwera ngalawa ya matanga. Pa 2 September 1895 namondwe anagubuduza ngalawayo kufupi ndi Salima, ndipo bishopuyo anamira asanaonenso chilumba chake. Anaikidwa ku Nkhotakota. Pomukumbukira, anzake anagula sitima yaikulu yopangidwa ku Glasgow, naitcha dzina lake. Sitima ya Chauncy Maples inalowa m'madzi mu 1901, ndipo inkanyamula ansembe, aphunzitsi, ophunzira ndi odwala kuzungulira nyanja.

Mlendo aliyense wofika pa Likoma amadabwa ndi tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera. Chinamangidwa pa malo otchedwa Chipyela, pamene kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Bishopu Gerard Trower anaika mwala wa maziko mu 1903. Mmisiri wotsogolera anali Frank George, ndipo ogwira ntchito anali anthu a pachilumba ndi a m'midzi ya kutsidya. Chinayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1905, ndipo chinapatulidwa mu 1911. M'litali mwake muli mapazi oposa 300. Miyala anaiswa pomwepo, koma matabwa anachokera kumtunda, malata ndi magalasi ku Ulaya. Zonsezi zinaoloka nyanja, popanda galimoto ndi imodzi yomwe.

Tsoka lalikulu koposa linagwa pa 30 July 1946. Sitima yatsopano yotchedwa Vipya, ikuchokera ku Mbamba Bay kunka ku Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, inakomana ndi mphepo yamkuntho, nimira. Anthu 145 anafa tsiku limenelo. M'malo mwake munabwera Ilala, yopangidwa ku Scotland mu 1949 ndi kulumikizidwa ku Monkey Bay, imene inayamba kuyenda mu 1951. Inatenga dzina la sitima yoyamba ya amishoni a Livingstonia ya mu 1875, ndipo dzinalo ndi la dera limene David Livingstone anamwalirako mu 1873. Kwa zaka zoposa 70 Ilala yanyamula chimanga, simenti, usipa, ana a sukulu ndi maliro omwe. Pa zaka zochuluka za nthawi imeneyi sitima inkaima patali ndi gombe la Likoma, anthu n'kumatsikira m'maboti aang'ono ndi kumalizira ulendo ali m'madzi ofika m'maondo, katundu ali pamutu.

Nanga mbiri imeneyi ikutiuza chiyani ife ofuna kukacheza masiku ochepa?

Choyamba, tsiku la ulendo amasankha ndi sitima, osati mlendo. Chizolowezi cha Ilala ndi kuchoka ku Monkey Bay kamodzi pa mlungu kunka kumpoto ndi kubwereranso, motero imaima pa Likoma kawiri. Pokhala yokalamba, nthawi zina imachedwa kapena kuima kuti ikonzedwe. Chifukwa chake funsani kudoko musanakwere basi ya ku Nkhata Bay kapena ku Monkey Bay. Funsaninso tsiku lobwerera, ndipo muwonjezepo masiku awiri ndi ndalama zake. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Chachiwiri, dziwani mphepo. Mwera, wochokera kummwera, umaomba kwambiri m'nyengo yachisanu, makamaka mu June, July ndi August. Vipya inamira m'nyengo yomweyo. Alipo maboti ena aang'ono oyenda pakati pa Nkhata Bay ndi zilumbazi. Boti likadzaza kupyola muyeso, kapena eni nyanja akanena kuti lero sikuli bwino, musakakamire. Bwino kutaya tsiku kusiyana ndi kutaya moyo.

Chachitatu, nyamulani zochepa zimene mungathe kusenza nokha: chofunda, pakuti usiku panyanja pamazizira, kamba wa panjira, ndi nsapato zolimba. Pachilumba ulendo waukulu ndi wapansi. Kuchokera ku Mbamba, kumene kuli msika, kufika ku Chipyela ndi kufupi, ndipo tsiku lachiwiri mungathe kupita ku midzi ya Nkhwazi kapena Makulawe kukaona asodzi akuyanika usipa ndi kulawa nsima ya kondowole. Wofuna kuolokera ku Cobué akumbukire kuti kumeneko ndi dziko lina, pafunika pasipoti.

Likoma linakhala boma palokha mu 1999, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 14,000 pa zilumba ziwirizi. Onsewa mchere, sopo ndi mankhwala zimawafikira pamadzi, ndipo anaphunzira kalekale kudikira nyanja. Mlendo amene atsanzira kudekha kwawo adzaona tchalitchi, milambe ndi dzuwa likulowa kuseri kwa Chizumulu, nadzabwerera kwawo ali bwino.