Guacamole wa bekoni

Guacamole wa bekoni ndi chakudya chopangidwa ndi mapeyala akupsa ophwanyidwa, osakanizidwa ndi mchere, madzi a mandimu, anyezi, tsabola ndi tizidutswa ta bekoni wokazinga. Bekoni ndi nyama ya nkhumba yosungidwa ndi mchere, nthawi zambiri youmikidwa pa utsi, imene amaidula mopyapyala. Guacamole weniweni ndi wa ku Mexico, koma mtundu wothira bekoniwu umakondedwa kwambiri ku United States.

Mbiri

Dzina lakuti guacamole linachokera ku mawu a chilankhulo cha Nahuatl akuti ahuacamolli: ahuacatl ndi peyala, molli ndi msuzi. Aaziteki ankadya kale chakudyachi anthu a ku Spain asanafike m'zaka za m'ma 1500. Mapeyala, tsabola ndi tomato ndi mbewu za komweko, pamene mandimu, koriyanda ndi nkhumba zoweta zinabwera ndi anthu a ku Spain.

Dziko la United States linaletsa mapeyala ochokera ku Mexico m'chaka cha 1914. Mu 1997 linayamba kulola mapeyala a m'chigawo cha Michoacán, ndipo kuyambira pamenepo guacamole anafala kwambiri m'dzikolo, makamaka pa tsiku la masewero a Super Bowl ndi pa chikondwerero cha Cinco de Mayo. Mtundu wa peyala umene ambiri amagwiritsa ntchito ndi Hass, wotchedwa dzina la Rudolph Hass wa ku California, amene anaulembetsa mu 1935.

Kapangidwe

Pa mapeyala atatu, ophika ambiri amatenga magawo anayi a bekoni, theka la anyezi, tomato mmodzi, tsabola wamuwisi mmodzi, masamba a koriyanda ndi madzi a ndimu limodzi. Peyala loyenera limakhala lofewa pang'ono polisindikiza ndi chala, koma losada mkati.

Bekoni amayamba kukazingidwa pamoto wochepa popanda kuthira mafuta, chifukwa amatulutsa ake. Akauma amamuika pa pepala kuti mafuta adonthe, ndipo akazizira amamuduladula. Anyezi, tsabola, koriyanda ndi mchere amazisinja pamodzi. Ku Mexico amasinjira mu molcajete, kamtondo kosemedwa ku mwala, koma mbale ndi foloko zimakwanira. Kenako amathiramo mapeyala n'kuwaphwanya mosiya timibulu, ndipo amawonjezera madzi a ndimu ndi tomato wochotsa njere.

Bekoni amalowa pomalizira, chakudya chili pafupi kuperekedwa. Akakhalitsa m'mapeyala amayamwa chinyezi n'kufewa. Popeza ali kale ndi mchere wambiri, wophika amachepetsa mchere poyamba, n'kulawa bekoni atalowamo. Guacamole amadyedwa ndi tortilla, mkate wopyapyala wa chimanga, kapena tizidutswa take tokazinga.

Kasungidwe

Peyala lodula limada likakhudzana ndi mpweya. Izi zimachitika chifukwa cha enzaimu ya polyphenol oxidase imene ili m'chipatsocho. Asidi wa m'mandimu amachedwetsa kudako, ndipo pulasitiki woyalidwa mokhudza chakudyacho amatsekereza mpweya. Anthu ena amasiyamo njere ya peyala poganiza kuti imateteza mbale yonse, koma imangoteteza malo amene yaphimba. Chakudyachi sichiyenera kukhala kunja kwa firiji kupitirira maola awiri.

Zaumoyo

Mapeyala ali ndi mafuta abwino ku mtima komanso potaziyamu. Bekoni ali ndi mchere ndi mafuta ochuluka, ndipo mu 2015 nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inaika nyama zokonzedwa motere m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'matumbo. Asilamu, Ayuda ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist sadya nkhumba, choncho pa phwando bekoni amatha kuikidwa m'mbale yakeyake.